Kaundula wa Ambuya

Ku Tembwe, m'chigwa cha Luangwa m'boma la Chama, mwezi wa Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ambuya NyaKumwenda, amene anali mzamba wa mudzi wonse boma lisanaletse zobereketsa kunyumba, akhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, lichero la mpunga pamiyendo, kachitini ka fodya wa m'mphuno pambali. Mdzukulu wawo Taonga, wophunzira za umoyo wa anthu pa yunivesite ya UNZA, ku Ridgeway ku Lusaka, watuluka m'nyumba atavala sikipa ya pinki.

AMBUYA: Iwe mkazi mnzanga, sikipa imeneyo ndi ya chipani chanji? Ofiira tikuwadziwa, obiriwira tikuwadziwa. A pinkiwa mtsogoleri wawo ndani? Akugawa feteleza?

TAONGA: Si chipani, Ambuya. Okutobala ndi mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere.

AMBUYA: Oho. Matenda a otaya mimba aja.

TAONGA: Mwati chiyani?

AMBUYA: Makutu unawasiya pa siteshoni ya mabasi ya Intercity? Kunabwera mlaliki wochokera ku Chipata pa msonkhano wa amayi, wa tayi ndi nsapato zosongoka, atanyamula pepala la Chingerezi. Anati asayansi a ku Amereka apeza kuti mkazi akachotsa mimba, bere limasunga mkwiyo, kenaka limawola. Anati 50 peresenti. Theka lonse, mwana iwe! Patangopita sabata mawu omwewo anabwera pafoni ya amalume ako, pa WhatsApp. Ndiye mboni ziwiri.

TAONGA: Imeneyo ndi mboni imodzi, Ambuya. Wa pafoniyo ankawerenga pepala lomwelo.

AMBUYA: Ndiye ukuti munthu wa Mulungu anama?

TAONGA: Pepalalo lilipo ndithu, sanalipeke. Analemba ndi mayi wina dzina lake Janet Daling, wa ku Seattle, mu 1994. Iye ndi anzake anafunsa amayi 845 odwala khansa ya m'mawere ndi ena 961 osadwala. Funso linali lakuti, kodi munachotsapo mimba? Odwala amene anavomera anali ochulukirapo. Atawerengetsa anati chiopsezo chakwera ndi 50 peresenti.

AMBUYA: Basi! Wavomera wekha. Ndipatse fodya wangayo.

TAONGA: Dikirani. Mawu amenewo satanthauza kuti theka la ochotsa mimba lidzadwala. Tingoyerekeza: ngati pagulu lina la amayi akanadwala awiri, ndiye kuti pagulu la ochotsa mimba lofanana nalo kukula akanadwala atatu. Kukwera ndi theka n'kumeneko.

AMBUYA: Awiri kukhala atatu? Mlaliki uja ananena ngati mudzi wonse ukutha. Anatuluka thukuta mpaka tayi inanyowa.

TAONGA: Ndipo kwa owerengera matenda, kusiyana kochepa choncho kumatha kubwera chifukwa cha kafunsidwe chabe. Fodya wosuta ndiye alibe mkangano: wosuta ndudu chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimaposa cha wosasuta ka 15 mpaka ka 30.

AMBUYA: Wanga ndi wa m'mphuno. Usamulowetse m'milandu ya anzake.

(Atero akutapa fodya ndi chala chachikulu, n'kuyetsemula kawiri, nkhuku zimene zinayandikira lichero n'kubalalika.)

AMBUYA: Komatu mlalikiyo anafotokoza bwino. Anati mimba ikalowa mawere amakula kukonzekera mwana, ndipo ukaidula panjira amatsala osakhwima. Zimenezo ine ndaziona ndi maso. Mtsikana asanauze aliyense, ine ndinkadziwira pachifuwa.

TAONGA: Kukula kwa mawere n'koona. Maganizo akuti kudula mimba kumawasiya pangozi anatchuka ndi kafukufuku wa mu 1980, wa bambo ndi mayi Russo, Jose ndi Irma. Koma iwo anayesa pa makoswe.

AMBUYA: Makoswe.

TAONGA: Ee. Anawapatsa mankhwala oyambitsa khansa. Amene anabereka mimba itakwana sanadwale kwenikweni. Amene anadulidwa mimba anadwala pafupifupi mofanana ndi amene sanatengepo mimba n'komwe.

AMBUYA: Khoswe wosadziwa mwamuna anam'peza kuti? A m'nkhokwe mwanga muja alibe mwambo ngakhale mmodzi.

TAONGA: Amawaweta m'zikwere, Ambuya, aakazi paokha.

AMBUYA: Anthu akuluakulu, ndevu pepeya, kuweta makoswe anamwali. Ndalama zikachuluka zimasowetsa ntchito. Chabwino, za makoswe tazisiya. Nanga amayi 845 aja? Amenewo si makoswe. Anavomera ndi pakamwa pawo.

TAONGA: Ndi pamene pali nkhani. Ndikufunseni inu amene munagwira ntchito ya uzamba. Mlendo atafika pano ndi cholembera, n'kupeza mayi wabwinobwino akusinja, n'kumufunsa kuti munatayapo mimba, ayankha chiyani?

AMBUYA: Amuthamangitsa ndi munsi.

TAONGA: Nanga mayi amene madokotala angomuuza kuti ali ndi khansa, amene usiku sagona, akufufuza moyo wake wonse kuti ndinalakwa pati?

AMBUYA: Ameneyo aulula ngakhale nkhuku imene anaba ali mwana.

(Apa Ambuya aika lichero pansi. Akhala chete kanthawi, zimene sizichitikachitika.)

AMBUYA: Iwe, zimene ukunenazi ine ndinaziona kale, iwe amayi ako asanamere mano. Kale mkazi akavutika pobereka, tsiku lathunthu mwana osatsika, tinkati wayenda ndi amuna ena. Ndiye tinkamuzungulira ife azamba ndi apongozi, wina kumutsina pantchafu, wina kumukalipira: tchula, tchula, mwana atuluke! Ululu ukafika pamutu, munthu ankatchula. Wina anatchula mphunzitsi, wina wogula thonje, wina mpaka anatchula munthu amene anamwalira iye asanathe msinkhu, kungoti timusiye. Tikatuluka m'chikuta tinkagwedeza mitu kuti mwaona, onse ovutika pobereka ndi oyendayenda. Koma panali mkazi wina, dzina sinditchula, mudzi wonse unkadziwa kuti njira ya kudambo anaipondaponda mpaka udzu unaleka kumera. Ameneyo ankabereka ngati akuyetsemula. Madzi asanawire pamoto mwana walira kale. Ndani anamufunsa? Palibe. Tinkamuimbira nthungululu, n'kumuphikira phala.

TAONGA: Ambuya, mwafotokoza m'mphindi ziwiri zimene ife tinaphunzira temu yathunthu.

AMBUYA: Ndiye atate ako akabweze ng'ombe imene anagulitsa. Ukanangokhala pamphasa pano.

TAONGA: Chosiyana n'chakuti a kafukufuku anafunsa onse, odwala ndi osadwala omwe. Koma woulula amakhala amene wapanikizika. Wabwinobwino amakana, ndipo pakaundula amalowa ngati sanachotsepo. Ukawerengetsa zimaoneka ngati ochotsa mimba achuluka pakati pa odwala.

AMBUYA: Zimenezo ukungoganiza, kapena alipo anawagwira bodzalo?

TAONGA: Anawagwira. Ku Sweden mu 1991 anayerekeza zimene amayi anayankha ndi zimene zinalembedwa kale m'mabuku a chipatala, n'kupeza kuti osadwala ndi amene ankabisa kwambiri. Koma yokoma ndi ya ku Netherlands mu 1996. Kumadzulo kwa dzikolo, kumene anthu sachita manyazi kwambiri ndi nkhani zoterezi, kusiyana kunali kochepa, ka 1.3 chabe. Kum'mwera chakum'mawa, kumene kuli Akatolika ambiri, chiopsezo chinaoneka ngati chakwera kuposa ka 14.

AMBUYA: Dziko limodzi?

TAONGA: Limodzi, ndipo laling'ono. Chigawo chathu cha Kum'mawa chokha chimaliposa kukula.

AMBUYA: Ndiye khansayo imayamba yafunsa kuti umapemphera kuti? Ikapeza korona m'khosi ndiye iluma kwambiri?

TAONGA: N'zimene anadabwa nazo. Atafufuza anapeza kuti amayi osadwala a kuchigawo chimenecho ankachepetsanso nthawi imene anamwa mapiritsi olera, poyerekeza ndi zimene madokotala awo analemba.

AMBUYA: Hede! Ndimayesa kubisa ndi kwathu kuno kokha. Kani azungunso ali ndi apongozi.

TAONGA: Ali nawo.

AMBUYA: Koma tsopano wandisokoneza. Ngati aliyense anama, choonadi mudzachipeza bwanji? Mudzawatsina pantchafu?

TAONGA: Osafunsa munthu. Kufunsa buku limene linalembedwa matenda asanabwere. Ku Denmark munthu aliyense ali ndi nambala yake, ndipo akachotsa mimba kuchipatala zimalembedwa, akadzadwala khansa zimalembedwanso m'buku lina. Mads Melbye ndi anzake anatenga amayi 1.5 miliyoni obadwa kuyambira 1935 mpaka 1978, n'kulumikiza mabuku awiriwo. Mwa iwo, oposa 280,000 anali atachotsapo mimba. Zotsatira zinatuluka mu 1997. Chiopsezo cha ochotsa ndi cha osachotsa chinali chimodzimodzi ndendende.

AMBUYA: Miliyoni ndi theka. Anawaphikira chiyani?

TAONGA: Sanabwere pamalo amodzi. Anali m'kompyuta.

AMBUYA: Dziko limene boma limadziwa mimba iliyonse imene inatayika, ine sindingakhalemo. Koma ima kaye. Wati obadwa 1935. Amenewo ndi akulu kwa ine. Kompyuta yakoyo inayamba liti kulemba?

TAONGA: Mu 1973.

AMBUYA: Ndiye wobadwa 1935 amene anataya mimba ali mtsikana, kompyuta isanabadwe, analowa gulu liti? Si la oyera mtima?

TAONGA: Ambuya, kodi munawerenga makalata a Joel Brind?

AMBUYA: Ameneyo ndi wa mudzi wa yani?

TAONGA: Wa ku New York, amene nthawi imeneyo anali mphunzitsi wa sayansi pa koleji ya Baruch. Ndi amene wakhala akulimbikira kwambiri kuti kuchotsa mimba kumayambitsa khansa. Mu 1996 anasonkhanitsa akafukufuku 23 n'kunena kuti chiopsezo chimakwera ndi 30 peresenti. A ku Denmark atatulutsa zawo, iye anafunsa funso lanu lomwelo.

AMBUYA: Munthu wanzeru. Ali pabanja?

TAONGA: Ndi wodana kwambiri ndi kuchotsa mimba, ndipo sabisa.

AMBUYA: Nanga n'kulakwa? Inenso ndimadana nako.

TAONGA: Si kulakwa, ndipo sitikana manambala a munthu chifukwa cha chikhulupiriro chake. Timaona mmene anawapezera. Ambiri mwa akafukufuku 23 aja anali a mtundu uja wofunsa odwala kale. Ukaphatikiza mayankho okhota 23, kukhotako sikutha, kumangooneka kwaulemu. Funso lake la ku Denmark linali lomveka, n'chifukwa chake anthu sanaimire pa Denmark pokha. Mu 2004 gulu la ku Oxford lotsogozedwa ndi mayi Valerie Beral linasonkhanitsa akafukufuku 53 ochokera m'mayiko 16, okhudza amayi 83,000 odwala khansa ya m'mawere. Anawagawa pawiri. Kumene zochotsa mimba zinalembedwa munthu asanadwale, chiopsezo sichinakwere ngakhale pang'ono. Kumene anafunsa munthu atadwala kale, chinaoneka chokwera. Mu 2007 kunatulukanso za anamwino a ku Amereka oposa 100,000 amene anawatsatira zaka 10, atawafunsa ali bwinobwino. Nakonso sanapeze kanthu.

AMBUYA: Manesi? Amenewo ndiye sanama. Amangokalipa.

TAONGA: Ndipo kupita padera nakonso sikuyambitsa khansa. Anayang'ana zonse ziwiri.

AMBUYA: Chimenecho undiuzenso bwino, chifukwa ine ndinapita padera kawiri, asekulu ako ali ku migodi ku Luanshya. Chichokereni mlaliki uja ndakhala ndikudzigwiragwira usiku ngati ndataya ndalama.

TAONGA: Kudzigwirako n'kwabwino, musasiye. Koma kupita padera kuja sikunakuikeni pangozi ina iliyonse.

AMBUYA: Nanga bwanji pepala la 1994 likuyendabe, pamene la 2004 silinafike kuno?

TAONGA: Loopsa limayenda msanga. Ku Amereka komweko bungwe la boma loona za khansa linaitanitsa akatswiri oposa 100 mu Febuluwale 2003, n'kugwirizana kuti nkhaniyi yatha. Koma amene akufuna kuopseza atsikana amangotenga lakale lija.

AMBUYA: Tsono iwe ukufuna atsikana azitaya mimba mmene afunira, poti khansa kulibe?

TAONGA: Sindinatero. Zakuti n'kulakwa kapena ayi ndi mlandu wina, wa munthu ndi mpingo wake ndi lamulo. Kafukufukuyu anangoyankha za khansa basi. Ndipo ngozi yeniyeni ya kuchotsa mimba kuno mukuidziwa kuposa ine.

AMBUYA: Phesi la chinangwa. Mitsitsi yowawa. Mapiritsi a malungo odzaza dzanja. Ankabwera kwa ine zitavuta kale, magazi ali chuchuchu, thupi lili moto. Awiri tinawanyamula pamachira osafika nawo. Amenewo sanadikire khansa.

TAONGA: Chonsecho Zambia ili ndi lamulo la 1972 lolola kuchotsa mimba kuchipatala pa zifukwa zina, monga moyo kapena thanzi la mayi likakhala pangozi. Kungoti pamafunika madokotala atatu asaine.

AMBUYA: Atatu! Kuno tikaona dokotala mmodzi timaitana ana kuti adzaone. Amene analemba lamulo limenelo sanawolokepo Luangwa nthawi ya dzinja.

(Mphepo yotentha iwomba, mankhusu a mpunga n'kumwazikira pa sikipa ya pinki ija. Foni ilira penapake pafupi kwambiri. Ambuya apisa dzanja m'bulauzi, atulutsa kafoni ka mabatani kokulungidwa m'pulasitiki ya shuga pamodzi ndi ndalama zopindapinda, ayang'ana, n'kukabwezera komweko.)

AMBUYA: Amalume ako. Akufuna ngongole. Ndipo usandiyang'ane choncho, ndikudziwa, akuti foni ndi ndalama m'kamisolo zimayambitsanso khansa.

TAONGA: Palibe umboni wa zimenezo. Sungani momwemo.

AMBUYA: Ndi banki yokhayo imene asekulu ako analephera kuthyola masana. Tsono ngati si mimba, si foni, si ndalama, chimayambitsa n'chiyani? Usandiuze kuti ufiti, chifukwa sukulu yonseyo ingakhale yopita pachabe.

TAONGA: Chachikulu ndi kukhala mkazi ndi kukula. A bungwe la WHO amati pafupifupi theka la odwala alibe chifukwa china chooneka kupatula zimenezo. Kwa ena ndi za kumtundu, mayi kapena mchemwali akadwalapo. Kutha msinkhu msanga, kuchedwa kusiya kusamba, kunenepa kwambiri ukakula, ndi mowa.

AMBUYA: Mowa uti?

TAONGA: Uliwonse.

AMBUYA: Wa masese ndi chakudya.

TAONGA: Uliwonse, Ambuya. Ndipo amuna nawonso amadwala, ngakhale ndi ochepa, pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse.

AMBUYA: Amuna? Ndiye amenewo anataya mimba ya yani? Mlaliki uja akadzabweranso ndidzamufunsa pamaso pa anthu.

TAONGA: Pali chinthu chimodzi choona chimene chimasokoneza anthu pankhaniyi. Kubereka mwana mimba itakwana, makamaka ukadali wachitsikana, kumachepetsako chiopsezo m'tsogolo. Zinadziwika kalekale. Dokotala wina wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba zaka zoposa 300 zapitazo kuti matendawa ankachuluka pakati pa masisitere. Kuyamwitsanso kumathandiza: mu 2002 gulu lomwe lija la ku Oxford linapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imachotsako pafupifupi 4 peresenti, ndipo mwana aliyense wobadwa 7 peresenti. Ndiye amene wachotsa mimba sanawonjezere ngozi, wangotsala pamene akanakhala akanapanda kutenga mimbayo.

AMBUYA: Bwereza pamene unati kubereka ukadali wachitsikana.

TAONGA: Ambuya, musayambe.

AMBUYA: Zaka 26! Digiri, magalasi, sikipa ya pinki, mwana ng'o. Sayansi yako yomwe yakugwira. Mwana wa a Goma uja ali ndi njinga yamoto ndi munda wa mpunga kufika kudambo. Mano onse alipo.

TAONGA: Kuchepako n'kochepa, si kwakuti munthu akwatiwire. Ndipo amayi a ana 8 amadwalanso.

AMBUYA: Ine ndinabereka 9, aliyense anayamwa zaka ziwiri, wotsiriza mpaka ankabwera yekha kuchokera kobusa mbuzi. Werengetsa. Boma lindipatse mendulo.

TAONGA: Chiopsezo chanu n'chochepa, koma sichinathe.

AMBUYA: Komanso ndili ndi funso lina. Denmark, Sweden, Oxford, manesi a ku Amereka. Onsewa azungu. Bere la ife Asenga analiwerenga ndani?

TAONGA: Kafukufuku ngati wa ku Denmark kuno sangatheke, chifukwa zambiri zimachitikira kuseri kwa nyumba, osati m'buku. Koma chimene anawerenga kuno n'choopsa kuposa cha mlaliki. Anatsatira amayi oposa 2,000 odwala khansa ya m'mawere ku Zambia, Namibia, Nigeria, Uganda ndi South Africa, zotsatira n'kutuluka mu 2020. Patatha zaka zitatu, theka anali atamwalira. Kumayiko olemera, pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhala alipobe patatha zaka zisanu. Chifukwa chachikulu n'chakuti athu amafika kuchipatala matenda atakula kale.

AMBUYA: Theka lija ndi limeneli tsopano.

TAONGA: Limeneli ndiye theka lenileni.

(Ambuya ayang'ana kunjira, ayang'ana kuseri kwa nkhokwe, n'kusendeza mphasa kufupi.)

AMBUYA: Pali munthu. Dzina usandifunse.

TAONGA: Sindifunsa.

AMBUYA: Anabwera kuno usiku, mwezi wa kukolola. Anandigwiritsa. Kanthu kolimba ngati mwala, kumtunda chakukhwapa, kosawawa. Ndinati pita kuchipatala. Anati apita akagulitsa thonje. Kenaka kunabwera mlaliki uja, ndipo iye anali pabenchi lachiwiri. Chichokereni tsiku limenelo akuti sapita. Akuti akangokwera njinga, amayi a pamjigo adzati taonani, Mulungu waulula. Mwamuna wake naye ndi wa mkamwa.

TAONGA: Kuyambira nthawi yokolola? Ambuya, imeneyo ndi miyezi isanu kapena kuposa! Zotupa zambiri za m'bere si khansa, koma cholimba chosawawa sitidikira nacho. Khungu lasintha? Nsonga ya bere yalowa m'kati? Mukutuluka magazi? M'khwapa muli mwanabere?

AMBUYA: Pamene ndinaona panalibe. Pano sindikudziwa, akundithawa. Akandiona kumjigo amasiya ndowa.

TAONGA: Ayambire pachipatala chathu chino, amulembere kalata ya ku Boma. Akaona kuti n'zofunika amutumiza ku Chipata kukadula kachidutswa kokayeza. Ikakhala khansa, chipatala chake chili ku Lusaka, Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala cha UTH, chimene chinatsegulidwa mu 2007. Ndimadutsapo tsiku lililonse. Akhoza kufikira kwa ine.

AMBUYA: M'kachipinda kako kaja kamene munthu akatambasula miyendo imatulukira pakhomo?

TAONGA: Tidzagona mopingasa. Ndipo akapita, ayezetsenso khomo la chiberekero. Khansa imene ikupha amayi ambiri m'Zambia muno ndi imeneyo, ya m'mawere ndi yachiwiri. Amapaka viniga n'kuyang'ana, mphindi zochepa.

AMBUYA: Viniga wa tchipisi?

TAONGA: Yemweyo.

AMBUYA: Makoswe anamwali, viniga kumalo osayenera. Sukulu yanuyo ndidzabwera ndidzaione ndekha. Koma vuto si njira ya ku Lusaka, vuto ndi pamjigo. Iwe ukayamba kuwauza za Denimaki wakoyo ndi 1.3, adzangoyang'ana nsapato zako.

TAONGA: Ndikhoza kujambula tchati.

AMBUYA: Adzakulungira usipa. Zisiye kwa ine. Lachinayi pa msonkhano wa amayi ndidzaimirira. Ndidzati, amayi, ine ndagwira mimba za mudzi uno kuyambira chaka chimene malire a Rhodesia anatsekedwa.

TAONGA: 1973.

AMBUYA: Chaka chimodzi ndi kompyuta ya ku Denmark, ndipo yanga sinazimepo. Ndidzati, amene anataya mimba m'mudzi muno ndikuwadziwa onse, mwezi wake, ndi mwini mimbayo. Ena mwa iwo akhala kutsogolo kuno ndi mawere awiri abwinobwino, akuimba mokweza kuposa aliyense. Ndipo amene tinawaika m'manda ndi bala la m'bere ndikuwadziwanso, mmodzi anali mayi busa amene sankadziwa n'komwe kumene mitsitsi imakumbidwa.

TAONGA: Umenewo si umboni wa sayansi, Ambuya. Anthu ake ndi ochepa, ndiponso mukudalira kukumbukira kwanu. Ndi vuto lomwe lija tinanena.

AMBUYA: Umboni ndi uja wa miliyoni ndi theka, ndaumva, ndipo ndidzautchula. Uwu ndi mkwapulo. Ndidzati, mkazi aliyense amene apite kukayezetsa bere apite mwamtendere. Koma ndikangomva pakamwa pamodzi patseguka kumjigo, ine nditsegula kaundula, ndipo ndiyambira benchi loyamba.

TAONGA: Simungatero! Chinsinsi cha wodwala sichiululidwa. Ife timalumbira.

AMBUYA: Unalumbira ndiwe. Ine satifiketi yanga inali sopo ndi lumo.

TAONGA: Ambuya, n'kulakwa kwenikweni. Amayi amenewo anakukhulupirirani.

AMBUYA: Wandiona ndatchula dzina ngakhale limodzi chikhalireni pano? Zaka zonsezi asekulu ako anandinyengerera ndi nyama ya mbawala kuti ndiwauze mmodzi yekha, anapita kumanda osamva. Sindidzatchula. Koma iwo sakudziwa kuti sindidzatchula.

TAONGA: Kumeneko ndiye kuopseza anthu.

AMBUYA: Mlaliki anaopseza ndi bodza mukuti ndi munthu wa Mulungu, ine ndiopseze ndi zoona mukuti n'kulakwa. Undilembere papepala dzina la mayi wa ku Oxford uja ndi manambala ake, zilembo zikuluzikulu, ndikawerenge ngati kalata ya Paulo. Ndipo Lachisanu m'mawa kusanatenthe tikamutenga munthu uja, ine ndi iwe. Tidzanena kuti ndikudwala ndine, iye akundiperekeza.

TAONGA: Ndiye mukayezetse zenizeni, poti mwafika kale.

AMBUYA: Anga? Akawapeza kuti? Anatsika kalekale, ali m'chiuno umu.

TAONGA: Anesi akudziwa kofufuza. Nanga tikwera chiyani, anthu atatu?

AMBUYA: Njinga yamoto ya mwana wa a Goma. Apita kawiri. Ulendo woyamba ine ndi wodwala, wachiwiri iwe wekha, ndipo umugwire m'chiuno zolimba, msewu uli ndi mchenga.

TAONGA: Ndiyenda wapansi.

AMBUYA: Ndi nsapato zimenezo? Tenga lichero ili, upete, ndione ngati ku UNZA anakusiyira manja. Ndipo mafuta a njinga ulipira ndiwe, zanga zili ku banki.